Dzanja Lomwe Linavekedwa Sokosi

Bambo anga anali telala ku Chaisa, ndipo ine ndinali mwana wa telala wosatha kudula nsalu. Lero ndikanena choncho anthu amaseka, koma nthawi imeneyo kwa ine sizinali zoseketsa. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, sukulu nditamaliza ndi mapepala oti ukaonetsa munthu amayamba kukufunsa za mvula. Kutchova makina ndinkatha, kuika zipi ndinkatha, kusita ndi simbi ya malasha magetsi akapita ndinkathanso. Koma akangondipatsa sizasi kuti nditsate mzere wa choko, mzere unkapita kwawo ine kwathu.

Shopu yathu inali chipinda chimodzi choyang'ana kanjira kopita kumsika wa Mandevu. Munali makina awiri, tebulo lodulira, benchi ya makasitomala ndi galasi long'aluka pakona. Salaula, zovala zakale zochokera kunja zija, anali atatilanda kale anthu a masuti ndi malaya, ndiye chimene chinkatidyetsa ndi mayunifomu a ana a sukulu chaka chikamayamba, ndi zitenje za maphwando a akwati. Pa tebulo paja pankakhala sizasi yakuda yolemera imene agogo anga aamuna anabwera nayo kuchokera ku Malawi bambo ali mwana. Mphaka akanatha kuba nsomba m'mbale n'kukhululukidwa, koma munthu wodula pepala ndi sizasi imeneyo akanasamuka m'komboni tsiku lomwelo.

Bambo anali munthu wa mawu ochepa ndi wa miyambo yawoyawo. Masana ankadula zinthu zosavuta, masiketi ndi miyendo ya mathalauza, anthu akuona. Koma zovuta zonse, makolala, mikono ya madiresi, nsalu zoterera zija zimene zimathawa pa tebulo, ankadula okha m'mamawa akachokera kumzikiti ku swala ya m'bandakucha, chitseko atatseka. Ine pofika ndinkapeza zonse zadulidwa kale, zasanjidwa bwinobwino. Ankati kolala safuna phokoso. Ndinkawakhulupirira, popeza ku Chaisa phokoso limadzuka limodzi ndi dzuwa.

Chaka chimenecho maso awo anayamba kuchita nkhungu. Tsiku lina, nditangowononga mwendo wa thalauza la mwana wa sukulu, anavula magalasi n'kundiuza modekha kuti ngati nyengo ya mayunifomu ifika ndisanadziwe kudula, tebulo ndi sizasi adzapereka kwa mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, amene anaphunzira utelala kwina ndipo ankadula nsalu uku akuyankha foni. Ine ndidzapita ku Kabanana kukanyamula matumba a simenti kusitolo ya amalume. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa, chifukwa mawu okalipa amaphwa madzulo. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo ndinachitanso manyazi, poti sizasi imene inadutsa m'manja mwa agogo ndi bambo inali pafupi kundilumpha n'kupita kwa mkamwini.

Pano ndiyenera kufotokoza za manja. Kwathu ndife Asilamu, ndipo manja awiriwa ntchito zawo zinagawidwa kalekale. Lamanja ndi lodyera, lopatsira moni, loperekera ndi lolandirira. Lamanzere ndi la madzi a kuchimbudzi, basi. Komatu si Asilamu okha. Anansi athu a tchalitchi cha Pentekosite, amene tinkasiyana nawo pa china chilichonse, pa nkhani iyi tinali amodzi. Ukapereka tchenji ndi lamanzere pa kantemba, mayi wamkulu ankangoliyang'ana dzanjalo mpaka usinthe wekha. Ine ndinakula ndikudziwa kuti ndine wamanja ngati munthu aliyense woleredwa. Sindinkaganizako n'komwe, monga mmene munthu saganizira mwendo umene amayamba kuponda akamadzuka.

M'mwezi wotentha uja mvula isanabwere, mnzanga wina amene anali kondakitala wa minibasi anadzasuzumira pakhomo la shopu bambo atachokapo. Anati kuholo ina ya ku Mandevu kwabwera mtsikana amene akuyeza manja a anyamata.

"Tiye boyi, ni vamahala," anatero. "Ufinya chabe kanthu, bakupasa dirinki na bansi."

Ndinapita chifukwa cha dirinkiyo, ndisaname. Panja pa holo tinapeza anyamata ambiri ndithu, okankha mabara a katundu, a njinga, ogulitsa zingwe za mafoni, ena ongokhala. Mkangano unali utayamba kale. Ena ankati kachipangizo kofinyako kamayamwa mphamvu za munthu, ndi za usatana, ukafinya sudzanyamulanso ndowa. Ena ankati akufuna anyamata a mphamvu oti akalowe usilikali. Onsewo, okhulupirira za usatana ndi za usilikali omwe, anali pa mzere umodzi kudikira bansi.

Mtsikanayo anali wa msinkhu wathu, wa magalasi, wotopa ndi kutentha. Anatiuza kuti akuphunzira ntchito yothandiza anthu amene ziwalo zawo zinafooka ndi matenda kapena ngozi, ndipo aphunzitsi ake anamutuma kuti azolowere kuyeza manja pa anthu abwinobwino. Anayamba ndi mafunso a pa pepala. Mumalemba ndi dzanja liti, mumaponya mwala ndi liti, mswachi, sizasi, tsache, machesi, kutsegula botolo. Aliyense ankangoti lamanja, lamanja, ena asanamve n'komwe funso lonse. Atafika pa funso la kudya, mnyamata wina wa bara anakwiya zenizeni.

"Ba sista, tioneka monga sitinaleledwe?"

Kenako anayamba kutipatsira zinthu kuti aone dzanja limene tilandirire. Apa ndi pamene ndinamumvera chisoni. Aliyense ankalandira ndi lamanja, lamanzere litagwira pachigongono, ena mpaka kupinda bondo pang'ono. Akanatipatsa khala la moto tikanalandiranso choncho. Atayesa anyamata angapo anaika cholembera pansi n'kuseka yekha, nati wakhala akuyeza ulemu m'malo moyeza manja. Anasintha njira. Zinthu anaziika pakati pa tebulo, ife n'kumalowa mmodzimmodzi.

Nthawi yanga itakwana, anandipatsa kachipangizo kofinya kaja. Lamanja linafinya kuposa linzake pang'ono, ndipo ndinanyada, poti ndi limene linkanyamula simbi tsiku lonse. Kenako anabweretsa kathabwa ka mabowo ndi timitengo tating'ono, nati ndilowetse timitengoto m'mabowo mwachangu ndi dzanja limodzi, iye akuwerengera nthawi pa foni. Ndi lamanja ndinachita bwino ndithu, kupatula kamtengo kamodzi kamene kanagwa pansi. Ndi lamanzere ndinayamba mwamphwayi, poganiza kuti ndingotaya nthawi. Ndinangozindikira kuti ndamaliza. Mtsikana anayang'ana foni, nayang'ana ine, nati tibwereze. Tinabwereza katatu, ndipo katatu konse lamanzere linafika msanga.

Anati ndiyerekeze kutsuka mano. Ndinakweza lamanja, koma china chake sichinakhale bwino, ndipo ndinaima ndi mswachi wa mumphepo osadziwa kuti m'mawa womwewo ndinatsuka ndi dzanja liti. Anandifunsa za ntchito yanga, za bambo, za mtengo wosokera siketi. Tili pakati pa nkhani ya siketiyo, anangotola lalanje pa tebulo n'kundiponyera pachifuwa osachenjeza. Ndinaliwakha. Nditayang'ana pansi, lalanje linali m'dzanja lamanzere, lamanja lili phee pa ntchafu ngati nkhaniyo si yake.

"Pa pepala ndimwe ba kumanja, pa tebulo ndimwe ba kumanzere," anatero. "Nindani anakuchinjani kwanja?"

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti palibe amene anandisintha, ndine mwana wa pabanja labwino, ndipo kathabwa kakeko n'kosokonekera. Iye sanakangane nane. Anati si matenda ndipo si mlandu, analemba kanthu m'mphepete mwa pepala lake, nandipatsa dirinki. Pakhomo ndinabwerera n'kumufunsa kuti nanga dzanja langa lenileni ndi liti, poti woyeza ndi iyeyo. Anayankha kuti zimenezo ndi ine ndiyenera kumuuza. Ndinatuluka mutu utaima. Mnzanga kondakitala anandifunsa ngati andiyamwa mphamvu. Bansi ndinamupatsa iye.

Safunsa anadya phula. Madzulo ndinapeza amayi akusankha mpunga pakhonde, ndinakhala pambali pawo n'kuwafunsa ngati ndili mwana ndinkagwiritsa ntchito lamanzere. Anayamba ndi kundifunsa amene wandituma. Kenako anati mpunga wa masiku ano uli ndi miyala yambiri. Nditaumirira anaika lichero pansi, nayang'ana kunjira ngati bambo akubwera, n'kundiuza zonse motsitsa mawu. Ndinayamba kutola chakudya ndi lamanzere ndisanayambe kuyenda. Nditafika zaka ziwiri bambo anatenga sokosi yawo yakale, naveka dzanjalo, namangirira ndi kansalu ka m'shopu m'chiuno mwanga. Tsiku lililonse, kuyambira m'mawa mpaka pogona, kwa miyezi yambiri. Ndinkalira mpaka anansi anabwera kudzafunsa ngati ndikudwala. Amayi anati iwo ankandimasula mobisa bambo akapita kushopu, koma tsiku lina anapezeredwa, ndipo sanabwerezenso.

"Mmera mpoyamba, mwanawe," anatero, akutolanso lichero. "Ndipo usakawafunse."

Masabata otsatira sindinali munthu wabwinobwino. Ndinayamba kuyeza aliyense. Ndinkayang'ana ometa tsitsi, amayi okazinga zitumbuwa, madala osewera dirafuti ndi zitsekerero za mabotolo, anyamata a pa tebulo la pulu. Mnzanga kondakitala ndinamuona akulendewera pakhomo la minibasi ndi lamanzere, akulandira ndalama ndi lamanja, akuguguda denga ndi lililonse limene lili pafupi, ndipo sindinathe kumuika mbali iliyonse. Choipa kwambiri chinali kudziyeza ndekha. Ndinkati ndikafuna kutola kapu, manja onse awiri ankayamba ulendo, kenako onse n'kuima kudikirana. Tiyi ndinamutaya kawiri. Kumzikiti posamba ndinasokoneza dongosolo limene ndinalidziwa ndili ndi zaka zisanu, mpaka mkulu wina anandifunsa ngati ndayamba kusuta zinthu za anyamata a pa siteshoni.

Ndinalinso ndi mkwiyo, koma sindinkadziwa kuti ndiuike pa ndani. Tsiku lina ndinkakwiyira bambo chifukwa cha sokosi. Mawa lake ndinkakwiyira mtsikana wa magalasi uja, amene anabwera ndi kathabwa kake kudzasokoneza munthu amene anali ndi mavuto okwanira kale. Tsiku lachitatu ndinkaganiza kuti mwina zonsezi n'zabodza, mwina ndine wamanja wopanda luso basi, ndipo ndapeza pobisalira. Koma pansi pa zonsezi panali kachiyembekezo kamodzi kamene kankandikoka. Ngati dzanja lodulira ndi lamanzere, ndiye kuti zaka zonsezi ndinkalephera chifukwa ndinkatuma wantchito wolakwika, ndipo Kabanana ndikhoza kumuzemba.

Mwayi unapezeka tsiku limene bambo anapita kukaonetsa maso kuchipatala. Pa tebulo panali chitenje cha mayi wina wa Pentekosite, chobiriwira, cha maluwa aakulu achikasu, choti tisoke diresi lovala paphwando la mwana wawo wamkazi amene ankakwatiwa. Bambo anali atajambula kale mizere ndi choko kuti adzadule m'mamawa. Munthu wanzeru akanayesa pa nsanza. Ine ndinafuna kuti bambo pobwera apeze mikono ya diresi itadulidwa bwino, afunse kuti wadula ndani, ine ndiwaonetse dzanja lija analimanga.

Ndinagwira sizasi ndi lamanzere. Chinthu choyamba, chogwirira chinandiluma chala chachikulu, poti chinapangidwa mopendekera dzanja lina. Chachiwiri, mzere wa choko unasowa, mpeni wapamwamba wa sizasi unauphimba. Chachitatu, nditafinya, mipeni iwiri ija inatalikirana, nsalu n'kupindikira pakati pawo osaduka. Ndinafinya mwamphamvu, sizasi inayamba kutafuna. Ndinachita mantha n'kusinthira ku lamanja, koma lamanja linali litakhumudwa kapena litaiwala, sindidziwa, linadutsa pakati penipeni pa duwa lachikasu. Ndinabwerera ku lamanzere kuti ndikonze. Pomaliza mkono umodzi unali waufupi, winawo unali ndi mano m'mphepete. Ndinakhala pa benchi thukuta lili kamukamu, ndikuyang'ana manja anga awiri, ndipo panalibe limodzi loti ndingalikhulupirire.

Tsoka silinunkha. Mayi aja anafika bambo asanabwere, akuti angodutsa kudzaona. Ananyamula mkono wa manowo ndi zala ziwiri.

"Ba telala, ichi ni chani? Mbuzi ndiye yadya?"

Analankhula zambiri, ndipo anthu a m'mashopu oyandikana anabwera kudzamvetsera. Bambo anafika mkati mwa msonkhanowo, maso ali ofiira ndi mankhwala a kuchipatala. Anapepesa mayiwo ngati kuti wolakwa ndi iwo, nalonjeza kuti mawa apita m'tauni kukafuna chitenje chofanana. Anthu atabalalika anatola zidutswa zija, naziyandikitsa kumaso, nayang'anitsitsa m'mphepete motafunidwamo nthawi yaitali. Sanandifunse kuti ndinadula bwanji. Anangoti palibe chifukwa chodikira nyengo ya mayunifomu, Lachisanu tikachokera kumzikiti masana mlamu abwere adzatenge sizasi. Linali Lachiwiri.

Anakhala pa makina awo n'kuyamba kusoka siketi. Ine ndinali mbali ina ya chipinda pafupi ndi shelefu, mtima ukuwira. Patapita kanthawi anaimitsa makina, ndipo osandiyang'ana anati ndiwapatse ulusi wakuda. Kwathu mwana amanyamuka, n'kupita pamene pali bambo wake, n'kupereka ndi manja awiri. Ine ndinatola ulusiwo n'kuwagenda nawo. Sindinganene kuti ndinkafuna kuwayeza. Ndinkafuna uwamenye.

Sunawamenye. Dzanja lawo lamanzere linauluka n'kuuwakha pafupi ndi nkhope, bwinobwino, munthu wa maso a nkhungu. Lamanja linali pa bondo, lopanda chogwira, ndipo silinagwedezeke. Tonse awiri tinayang'ana dzanja limene linali m'mwambalo. Ndinadikira mbama, poti kugenda bambo wako ndi chinthu chimene sindinamvepo m'komboni monse. Iwo anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, naliika pansi pa tebulo la makina, nasamutsira ulusi ku lamanja kumeneko. Makina anayambanso kulira.

Masiku awiri otsatira sitinalankhulane. Mukanaganiza kuti pamenepo zinthu zinandionekera poyera, koma mutu unangoima kwambiri. Ndinkadzifunsa kuti kodi ulusi ndinauponyera mbali iti. Mwina unapita chakumanzere kwawo, ndipo aliyense akanawakha ndi dzanja lapafupi. Mtsikana uja ankabwereza katatu asanakhulupirire, koma ine sindikanatha kugenda bambo anga katatu. Ndinayamba kuwaonerera mobisa. Polowetsa ulusi m'singano, singano inkakhala ku lamanja koma chimene chinkayenda ndi lamanzere. Pomanga mfundo, lamanzere. Koma kudya, kulemba miyeso m'kabuku, kupereka moni, kudula masiketi, zonse lamanja, mosaphonya. Ndinalongedza zovala zanga m'chikwama cha ku Kabanana ndisakudziwa ngati ndaona chinthu kapena ndikungolota.

Lachisanu m'bandakucha, titatuluka mumzikiti, ndinatembenukira njira ya kunyumba monga mwa masiku onse. Bambo anandigwira malaya.

"Tiye," anatero.

Tinapita kushopu. Kunja kunali kutayamba kuyera, amayi ogulitsa masamba akudutsa ndi mabeseni kupita kumsika. Titalowa anatseka chitseko n'kukoka chitsulo chake. Magetsi kunalibe, ndiye anatsegula kazenera ka kumbuyo kokha, koyang'ana khoma la anansi. Anayala nsalu yoyera ya makolala a malaya a sukulu. Anatola choko ndi lamanzere n'kujambula kolala kamodzin'kamodzi, osabwereza mzere. Kenako anatola sizasi ya agogo ndi dzanja lomwelo.

Ndinali nditawaona akudula ndi lamanja moyo wanga wonse, ndipo ndinkati ndiye luso limenelo. Koma chimene ndinaona m'mawa umenewo chinali china. Sizasi inkayenda yokha, osaima, ikulira mokoma pa thabwa la tebulo, ndipo pokhota pa kolala inakhota ngati ikudziwa njira. Mutu anaupendeketsa, akuyang'ana mzere kuchokera mbali ina ya mpeni. Atamaliza anandionetsa chala chawo chachikulu. M'munsi mwake munali chikanga cholimba chimene ndinkachiona kuyambira ndili mwana osafunsa kuti chinachokera kuti.

Anandifotokozera ngati akufotokoza za mtengo wa zipi. Anati sizasi iyi inapangidwira wamanja, ndiye ukaigwira ndi lamanzere n'kukankha ndi chala chachikulu monga mmene dzanja limafunira, mipeni imatalikirana, nsalu n'kutafunika. Chala chachikulu chizikoka, zala zinazo zizikankha, kuti mipeni ikumbatirane. Mzere usaufune pamene wamanja amauonera, uusuzumire kuseri. Anati mano aja a pa chitenje cha mayi aja anawadziwa atangowaona, chifukwa nawonso anayamba ndi mano omwewo.

Ndinali ndi mafunso ambiri, koma limene linatuluka ndi limodzi.

"Ababa, ngati inunso muli choncho, munandimangiranji?"

Anaika sizasi pa tebulo. Kenako anandiuza kuti ali mnyamata wamng'ono, pamaliro ena, anapisa lamanzere m'mbale ya anthu ambiri. Akuluakulu onse anachotsa manja m'mbalemo, chakudya chinakatayidwa, ndipo iwo anakadyera okha kuseri kwa nyumba agogo akupepesa anthu. Kuyambira tsiku limenelo agogo anawamanga ndi chingwe, osati sokosi. Anati sokosi anaisankha iwo poganiza kuti ndi yofewa.

"Ndinkafuna uzidya ndi anthu," anatero.

Sindinadziwe choti ndichite ndi mawu amenewo, ndipo mpaka lero sindidziwa. Ndinkafuna kukwiya, mkwiyo ndinali nawo wokwanira, koma munthu amene ndimati ndimukwiyire anali ataima patsogolo panga ndi maso ofiira ndi chikanga pa chala, atabisala kuseri kwa chitseko chimenechi m'mamawa uliwonse kwa zaka zoposa zanga. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsanso.

Anayala nsalu ina, najambula kolala wachiwiri. Kenako anatembenuza sizasi, chogwirira chikuloza kwa ine, n'kunditambasulira ndi dzanja lamanzere. M'moyo wanga wonse bambo anali asanandipatsepo kanthu ndi dzanja limenelo, ngakhale chitsekerero cha botolo. Kwathu kupatsa munthu chinthu ndi lamanzere ndi kumutukwana. Ndinaima manja lende, osadziwa ngati akundipatsa kapena akundithamangitsa. Kenako thupi linachita zimene linaphunzitsidwa. Ndinatambasula lamanja, lamanzere litagwira pachigongono, n'kugwira sizasi. Iwo sanaisiye. Ndinakoka pang'ono, anagwiritsa. Tinakhala choncho kanthawi, osayang'anana. Ndinachotsa lamanja n'kutambasula lamanzere lokha, lopanda ulemu uliwonse, ndipo anaisiya.

Kolala amene ndinadula m'mawa umenewo sanali wabwino. Chala chinkaiwala kukoka, ndipo pokhota ndinalowa mkati pang'ono. Koma sizasi sinatafune, ndipo mzere ndinafika nawo kumapeto kwake. Bambo anamuyandikitsa kumaso, nati mwana wa giredi wani sangadandaule. Anandipatsa wina. Tinadula mpaka phokoso la Chaisa litadzuka, ndipo asanatsegule chitseko anabweza sizasi mbali ya kumanja kwa tebulo, pamene inkakhala masiku onse.

Masana mlamu anabwera atavala malaya atsopano. Anadya mpunga, anamwa tiyi, bambo anacheza naye za maso, za magetsi ndi za kukwera kwa mtengo wa ulusi. Za sizasi sanatchule. Mlamu atayesa kuyandikira nkhaniyo, bambo anati tione kaye nyengo ya mayunifomu. Mlongo wanga anandikwiyira miyezi ingapo. Pambuyo pake mlamu anatsegula shopu yake ku Mandevu, ndipo ndivomere kuti mpaka pano amadula kundiposa.

Bambo tsopano saona mzere wa choko. Amakhala pa benchi ya makasitomala n'kumamvetsera kulira kwa sizasi, ndipo akamva kuti yatafuna amatsokomola. Nkhani ya sokosi sitinaikambenso. Mtsikana wa magalasi uja sindinamuonenso, ndipo ngakhale nditakumana naye lero sindidziwa chimene ndingamuuze. Ndimadya ndi lamanja, ndimalemba ndi lamanja, moni ndi tchenji ndimapereka ndi lamanja. Masiketi ndi mathalauza ndimadula masana ndi lamanja, pang'onopang'ono, makasitomala akuona. Masiku ano m'tauni amati mumapezeka masizasi a anthu amanzere, ndipo sindinapite kukafunsa. Makolala ndi mikono ya madiresi ndimadula ndikachokera ku swala ya m'bandakucha, ndi sizasi ya agogo, ndi dzanja lija linavekedwa sokosi. Palibe amene angandiletse, shopu ndi yanga. Komabe ndikalowa ndimatseka chitseko n'kukoka chitsulo, ndipo sindidziwa kuti ndimabisira ndani.